Chimbudzi sichikuleka kuthira madzi, ndiyambire pati?

Lolemba madzulo

Make Mapasa:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Chimbudzi chathu chogejemula chayamba vuto, ino ndi sabata yachiwiri. Ukagejemula, kathanki kamadzaza ndithu, koma sikakhala chete. Kamangoti siiii usana ndi usiku, ndipo ukasuzumira mumtondo umaona timadzi tikutsetsereka chakumbuyo osaleka. Anthu akagona m'pamene phokosolo limamveka bwino. Bambo a ana ali kutali ndi ntchito, abwera mwezi wamawa. Alamu anga anabwera Loweruka n'kusintha ball valve yonse, valavu yolowetsa madzi m'kathanki, ndi mpira wake womwe, amati ndiyo imakonda kuvuta, koma palibe chasintha. Ndisanaitane pulambala ndikufuna ndimvetse kaye chomwe chikuchitika m'katimo.

Wapalendi:
Pepani mayi. Kwathu zinachitikaponso. Pindani kachitsulo kogwira mpirako kaweramire pansi pang'ono, madzi azitsekeka msanga.

Wazomanga:
Mwayesa kugwedeza handulo? Nthawi zina katcheni kamangokodwa.

Pulambala Wopuma:
Tadikirani kaye achimwene nonse awiri, tisawapinditse chinthu tisanadziwe pomwe pali nthenda. Mayi, mvetsetsani ichi choyamba, zina zonse zipepuka. M'kathanki muli makomo awiri basi. Lina ndi lolowetsa madzi, ndilo lili ndi mpira kapena kachikho koyandama. Madzi akamakwera mpira umakwera nawo mpaka kutseka khomolo. Lina ndi lotulutsa madzi, lili pansi pakati, limatseguka mukagejemula kenako n'kudzitsekanso ndi kalabala. Pali chachitatu, koma ichi si khomo, ndi kapaipi kotseguka kumwamba komwe kamataya madzi akapyola muyezo kuti asasefukire m'nyumba.

Chimbudzi chosaleka kuthira ndiye kuti limodzi mwa makomo awiriwa silikutseka. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti phokoso limachokera ku khomo lolowetsa nthawi zonse, ngakhale lolakwa litakhala lapansi. Madzi akamathawira pansi mpira umatsika, valavu imatseguka kuti ibwezeretse, ndiye imalira. Munthu amamva komwe kukulirako n'kukagula valavu yatsopano pomwe yakale inalibe mlandu. Ndikuganiza kuti n'zomwe zachitika kwanuko.

Tavundukulani chivundikiro mundiuze zinthu ziwiri. Mumagejemula ndi handulo yapambali kapena mabatani apamwamba? Ndipo madzi afika pati poyerekeza ndi kukamwa kwa kapaipi kotaya kaja?

Namwino Wausiku:
Achemwali, chivundikirocho n'cholemera ndipo chikagwa chimasweka ngati mbale. Yalani thawulo pansi muchigoneke pamenepo, osachiimika kukhoma pomwe mapasawo angachigunde.

Make Mapasa:
Zikomo amisiri, zikomo achemwali. Ndi cha mabatani awiri pamwamba, lalikulu ndi laling'ono. Ndinavutika kuchotsa chivundikiro mpaka ndinazindikira kuti mkombero wa mabataniwo umapotokola. Ndavundukula. Pakati pali chinthu cha pulasitiki choimirira ngati botolo, pambali pake kapaipi kotseguka kumwamba. Madzi sanafike kukamwa kwake, atsala ngati zala ziwiri. Koma m'mtondo akutsikabe.

Pulambala Wopuma:
Mwationetsa zambiri ndi mawu ochepawo. Ngati madzi sakulowa m'kapaipi kotaya koma m'mtondo akufika, palibenso njira ina yomwe adzera kupatula pansi. Komanso mwachotsa kale vuto lina osadziwa. Kunsi kwa mabatani kumakhala timitengo tiwiri ta pulasitiki tomwe timakankha valavu. Tikatalika kwambiri timaipanikiza ngakhale munthu asanadine, ndiye siikhala pansi bwino. Chikanakhala chimenecho, madzi akanaleka mutangochotsa chivundikiro.

Tsopano titsimikize. Kunja kwa kathanki, pa paipi yobweretsa madzi, pamakhala kampopi kotsekera. Ena ali ndi chogwirira, ena ali ndi kamzere kolowetsa sikuludilaiva. Wa kamzereyo mumangomupotoza pang'ono mpaka mzere upingase paipi. Tsekani. Tengani pensulo mulembe kachizindikiro m'kati mwa kathanki pomwe madzi alekezera. Pasapezeke wogejemula kwa mphindi 20, kenako mukaone.

Wapalendi:
Madala, ine ndimadziwa za kuthiramo kala wa keke m'kathanki n'kudikira kuona ngati atulukire mumtondo. Si chimodzimodzi?

Pulambala Wopuma:
N'zabwino nazonso achimwene, makamaka pomwe kudonthako n'kochepa kosaoneka ndi maso. Madontho angapo, dikirani mphindi 15 mpaka 30, madzi a mumtondo akasintha mtundu ndiye kuti pali pothawira. Koma kala amangokuuzani kuti madzi akudutsa, sakuuzani kuti adzera pansi kapena m'kapaipi kotaya. Pensulo ndi mpopi wotseka zimasiyanitsa ziwirizo. Madzi akatsika mpopi uli chitsekere, ndi pansi. Akakhala pomwe munalemba, pansi n'pabwino, vuto lili kolowera. Mayiwa madzi akuwaona kale ndi maso, ndiye kala sawawonjezera chilichonse.

Njira ina ya amene alibe kala: patatha theka la ola chigejemulireni, pukutani kumbuyo kwa mtondo kuume, mumatepo kapepala ka tishu. Kakanyowa palibe wagwiritsa ntchito, pali kudontha.

Agogo Aakazi:
Ana anga, ndilowereko pang'ono poti nkhani yake ndi yomweyi. Changa n'chakale, cha handulo, ndipo mumtondo simutsika kanthu. Koma kunja kwa nyumba kuli kapaipi kotulukira kukhoma komwe kakudontha mwezi wathunthu, mpaka khoma lamera ndere. Kodi n'zogwirizana?

Pulambala Wopuma:
N'zogwirizana kwambiri amayi. Zimbudzi zakale zambiri kapaipi kotaya kamatulukira kunja dala, kuti mwini nyumba aone msanga kuti m'kati zavuta. Chanucho mwina ndi cha siphon, chija chili ndi paipi yopindika ngati khosi la tsekwe. Mtundu umenewo pansi pake sipakhala kalabala kotseka madzi, madzi amayenera kukwera kaye m'khosimo kuti atsike, ndiye sumakonda kudonthera mumtondo. Ukakalamba umangovuta kugejemula, munthu amapopa handulo kawiri katatu. Ndiye kwa inu mlandu uli kolowera madzi, osakayika.

Mutume mdzukulu avundukule anyamule mpira ndi dzanja m'mwamba. Madzi akaleka kulowa, ndiye kuti mpira wangokhala pamwamba kwambiri, ufunika kutsitsa. Ngati kamkono kake n'kachitsulo cha brass, apa ndiye malangizo a achimwene aja akugwira ntchito, kapindidwe pang'onopang'ono ndi manja awiri, dzanja lina litagwira kufupi ndi valavu kuti isathyoke. Ngati n'kapulasitiki asapinde, kamathyoka, pamakhala kasikuluwu kosinthira. Aupotokolenso mpirawo augwedeze pafupi ndi khutu. Ukamveka madzi m'kati ndiye kuti unabooka, walemera, sungayandame mokwanira kuti utseke. Koma akanyamula mpira madzi n'kumalowabe, kalabala kam'kati mwa valavu kadyeka, kafunika katsopano.

Agogo Aakazi:
Ambuye akudalitseni. Mdzukulu abwera mawa kuchokera kusukulu, ndimuwerengera zonsezi.

Make Mapasa:
Ndabwerako. Mphindi 20 zakwana ndipo madzi atsika pafupifupi theka kuchoka pa pensulo paja. Mpopi nditatseka phokoso linatheratu, koma mumtondo amatsikabe. Ndiye ndi pansi eti?

Pulambala Wopuma:
Ndi pansi mayi. Kunsi kwa chinthu chonga botolo chija kuli kalabala kophwatalala kozungulira. Kameneko ndiko kakulephera kugwira.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mayi, musanakonze ndikupempheni chinthu chimodzi, chithandiza ena pagulu pano amene akuona ngati timadzi totere si nkhani. Tsegulaninso mpopi uja, muonetsetse kuti mipopi ina yonse m'nyumba ndi yotseka, mukawerenge mita, mudikire ola limodzi, mukawerengenso. Pa mita zambiri manambala akuda amawerenga ma cubic metre, imodzi ndi malita 1,000, ndipo ofiira ndiwo amaonetsa malita. Lembani onse.

Namwino Wausiku:
Aphunzitsi, ola limodzi lokha chonde. Akatha atseke mpopiwo usiku wonse, azitsegula pokhapokha wina akafuna kugejemula, kapena aike ndowa ya madzi pambali.

Make Mapasa:
Ndachita monga mwanenera. Kuyambira 8 koloko mpaka 9 koloko, palibe watsegula mpopi, mita yayenda malita 12.

Aphunzitsi a Sayansi:
Zikomo. Tiwerengere limodzi. Malita 12 pa ola, kuchulukitsa ndi maola 24, ndi malita 288 pa tsiku. Pa masiku 30 ndi malita 8,640. Zimbudzi zambiri za mabatani awiri batani lalikulu limatulutsa malita 6, laling'ono 3. Ndiye malita 288 ali ngati munthu wagejemula batani lalikulu ka 48 tsiku lililonse popanda wolowamo. Masabata awiri apitawa mwataya kale malita oposa 4,000. Ndipo kwanuko timadzi take ndi tochepa. Kumene amachita kuyenderera ngati kamtsinje, theka la lita pa mphindi, amafika malita 720 pa tsiku.

Make Mapasa:
Mayo ine. Ndimaona ngati ndi phokoso chabe losowetsa tulo. Ndatseka pompano.

Wazomanga:
Poti takamba zopulumutsa madzi, ine ndimaika njerwa m'kathanki kuti kazidzaza ndi madzi ochepa. Zimathandiza.

Pulambala Wopuma:
Ichotseni njerwayo achimwene, ndikukupemphani. Njerwa ikakhalitsa m'madzi imanyenyeka, timchenga take timakakhala pomwe kalabala kamagwira, n'kuyambitsa vuto lomwe tikulimbana nalo panoli. Mukafuna kutero gwiritsani botolo la pulasitiki lodzaza madzi, lotseka bwino, loikidwa pomwe silingagunde mpira. Komanso n'za zimbudzi zakale za thanki yaikulu, za malita 9 kupita m'mwamba. Cha malita 6 mukachichepetsanso sichitsuka bwino, mumagejemula kawiri, phindu lake palibe.

Mayi, mawa kukacha tidzachotse valavu yotulutsa madziyo, chinthu chonga botolo chija. Musachite usiku uno ndi tochi.

Lachiwiri m'mawa

Make Mapasa:
Mwadzuka bwanji nonse. Ana apita kusukulu, ndakonzeka. Koma ndili ndi mantha pang'ono, sindinagwirepo zoterezi. Komanso kulowetsa manja m'menemo, si uve kodi?

Namwino Wausiku:
Tadzuka bwino achemwali. Musaope, madzi a m'kathanki ndi omwewo a kumpopi, sanakhudzane ndi za mumtondo. Zakuda zomwe mungazione pansi ndi matope ndi dzimbiri la m'mapaipi. Kungoti ngati mumaikamo mankhwala aja a buluu valani magolovesi, ena amayabwa pakhungu. Mukatha sambani m'manja ndi sopo basi.

Make Mapasa:
Timaikamo ndithu, timibulu tija tosungunuka pang'onopang'ono. Chaka chonsechi sitinadumphitse.

Pulambala Wopuma:
Tibwererako ku timibuluto. Yambani motere. Mpopi ukhale wotseka, dinani valavu madzi otsala atuluke. Jambulani chithunzi ndi foni musanachotse kalikonse, chidzakuthandizani pobwezera. Kenako gwirani thupi la valavuyo ndi dzanja lonse, mupotoze pang'ono chakumanzere. Zambiri za mtundu umenewu zimamasuka ndi kupotoza kochepa, osafika ngakhale theka la kuzungulira, mumamva kuti tha, n'kuzula m'mwamba. Zina zili ndi timano tiwiri m'mbali tofunika kufinya. Chapansi chomangidwa ku kathanki chimatsala pomwepo, chimenecho musachigwedeze. Ikakana musalimbane nayo, tumizani chithunzi tione kaye.

Make Mapasa:
Yazuka! Sinavute n'komwe. Ndaitembenuza, kalabala kaja ndakaona. Kali ndi timatuza tinayi ngati ta munthu wopsa ndi moto, ndikafinya mukutuluka madzi. M'mphepete mwake mwauma, ndipo manja anga ada bii nditakagwira.

Pulambala Wopuma:
Ndi kameneko kamakusowetsani tulo. Timatuzato timakanyamula kuti kasagone bwino pa mkombero wake, madzi n'kumadutsa m'mipata. Kudetsa manjako ndiye kuti labala wayamba kufumbutuka. Labala aliyense amakalamba m'madzi, koma mankhwala okhala ndi chlorine amamufulumizitsa, chifukwa amakhala m'kathanki maola ambiri ali okhathamira, makamaka usiku pomwe palibe wogejemula. Ine pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi ndinafika pongoona mtundu wa madzi n'kudziwiratu chomwe ndikapeze pansi. Mankhwala otsukira aziikidwa mumtondo, m'kathanki muzikhala madzi okha.

Tsopano kavuleni, kamangokoka ngati lamba wa mphira pa kamzere kake. Mupite nako komwe amagulitsa zipangizo za mipopi, chifukwa timasiyana kukula kwa kunja ndi kwa bowo lam'kati, ndipo kusiyana kwa mamilimita awiri okha n'kokwanira kuti kazidontha. Musagule poyerekeza ndi maso. Ngati n'kotheka tengani valavu yonse m'jumbo akayeserepo pomwepo.

Musanabwezere yendetsani chala pa mkombero wotsala m'kathanki uja, pomwe kalabala kamagona. Uyenera kukhala wosalala. Mukamva zokhakhala ndi layimu wa m'madzi, nyowetsani kansalu ndi viniga mukagoneke pamenepo kwa kanthawi, kenako pukutani. Osapala ndi mpeni kapena sandipepa wokhakhala, mukakanda pulasitikiyo ngakhale kalabala katsopano sikagwira.

Wapalendi:
Ine ndinamva kuti ukapaka Vaseline pa kalabala kakaleko kamagwiranso.

Pulambala Wopuma:
Kamagwira masiku ochepa, kenako kamaipiratu. Mafuta ochokera ku petroleum amafufumitsa mitundu yambiri ya labala n'kuifewetsa. Ngati pafunika mafuta ndi a silicone okha, koma apa sipafunika chilichonse, pouma ndi poyera basi. Chomwe mayiwa angachite ngati sapeza katsopano lero ndi kuboola timatuzato ndi singano, kufinya madzi atuluke, n'kukatembenuza kuti mbali yosalala iyang'ane pansi. Zimagulira munthu masabata angapo, osati kuchiza.

Wapalendi:
Chabwino madala, ndamva. Nanga ife a handulo ndi katcheni? Changa chili ndi chotsekera chalabala chonga chivundikiro cha ketulo, chimatseguka ndi katcheni. Sichilira nthawi zonse, koma pakapita mphindi zingapo chimadzithira chokha kwa kanthawi n'kusiya, ngati wina wagejemula.

Pulambala Wopuma:
Ndi nthenda yomweyi, kungoti yanu ikudontha pang'onopang'ono. Madzi amatsika mpaka mpira uzindikire, valavu ibwezeretse, n'kutseka. Yambani ndi katcheni. Kakhale kolendewera pang'ono chabe, ngati sentimita imodzi. Kakakungika kamanyamula chotsekeracho, kakatalikitsa kamalowa pansi pake n'kuchitchinga. Katcheni kakakhala bwino, yang'anani chotsekeracho ngati chapindika kapena chauma. Zimakhala za misinkhu iwiri kawirikawiri, mainchesi 2 ndi mainchesi 3, ndiye nanunso mupite nacho chakalecho.

Pali kanthu kena pa mtundu wanuwo komwe anthu sakaganizira. Pamakhala kapaipi kakang'ono kofewa kochokera ku valavu yolowetsa kupita kukamwa kwa kapaipi kotaya. Kayenera kupanidwa pamwamba. Wina akakakankhira m'kati mozama mpaka kupyola muyezo wa madzi, kamayamba kukoka madzi a m'kathanki n'kumawatayira mumtondo, monga muja payipi imakokera mafuta mu thanki ya galimoto. Ndinapitapo pa nyumba ina pomwe anasintha chotsekera kawiri, vuto lili pa kapaipi kameneka. Ndinangokakweza.

Ndipo poti muli pa lendi, auzeni eni nyumba musanasinthe chachikulu. Katcheni ndi kalabala palibe angakudandauleni, koma kumasula kathanki ndi nkhani ina.

Make Mapasa:
Ndabwerako, ndapeza kofanana ndendende, kofewa koyera, akuti n'ka silicone. Ndapukuta mkombero, panali zokhakhala mbali imodzi, viniga wachotsa. Ndabwezera valavu mpaka yalira kuti tha. Ndatsegula mpopi, kadzaza, kakhala chete! Mumtondo mwauma. Amisiri, sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mwagwira ntchito mayi. Koma usiku uno werenganinso mita pogona ndi podzuka.

Agogo Aakazi:
Nanenso ndipereke lipoti. Mdzukulu wagwedeza mpira uja, unali ndi madzi m'kati ngati chipanda. Wasintha mpira wokha, kukhoma kwaleka kudontha.

Lachitatu m'bandakucha

Make Mapasa:
Abale, zabwereranso. Ndadzuka cha m'ma 3 koloko ndamva timadzi mumtondo. Phokoso lija la siiii kulibe, koma akutsika ndithu. Mtima wanga wagwa. Kodi kalabala katsopano kaja n'kabodza?

Namwino Wausiku:
Ndili maso kuntchito achemwali. Musataye mtima. Vundukulani muone pomwe madzi afika monga anakuuzani tsiku loyamba lija, mujambule, kenako tsekani mpopi mukagone. Amisiri akadzuka apeza uthenga.

Make Mapasa:
Ndavundukula. Ulendo uno madzi adzaza mpaka kukamwa kwa kapaipi kotaya, akusefukiramo pang'onopang'ono. Dzulo masana anali pansi pake.

Pulambala Wopuma:
Mwadzuka bwanji mayi. Kalabala kanu kalibe mlandu, ndipo chomwe mwaonachi chikutsimikiza kuti pansi patsekeka bwino, apo ayi madzi sakanakwera kufika pamenepo. Ili ndi vuto lachiwiri, ndipo ndikukhulupirira kuti linalipo kuyambira Loweruka, kungoti loyamba limalibisa. Valavu yolowetsa sikutseka kotheratu, ikudonthetsa pang'ono. Pamene pansi pamathawa madzi, zodonthazo zimathawira limodzi, muyezo sumakwera. Mwatseka pansi, tsopano zikuunjikana mpaka kusefukira. Ndinayenera kukuuzani dzulo kuti mulembenso pensulo mutatha kukonza, n'kuona ngati madzi akukwera. Pepani, pamenepo ndinadumpha.

Chifukwa chake zaonekera usiku n'chakuti anthu ambiri akatseka mipopi mphamvu ya madzi m'mapaipi imakwera. Valavu yomwe masana imaoneka ngati yagwira, usiku imagonja.

Wazomanga:
Koma valavuyo ndi yatsopano madala, sinathe ngakhale sabata. Ndiye kuti anawagulitsa yachinyengo. Akabweze.

Pulambala Wopuma:
Zimatheka, koma tisafulumire. Valavu yatsopano yodontha, nthawi zambiri ndimapeza kachitsotso m'kati. Pomasula paipi yakale dzimbiri ndi mchenga zimasunthika, munthu akamanga yatsopano osayamba watsukuluza paipi, zonsezo zimakathera pa kabowo kakang'ono komwe kalabala kamatseka. Kabowoko n'kochepa kwambiri, kamchenga kamodzi n'kokwanira. Zimachitikanso madzi akasiya n'kubweranso, oyambirira amabwera ndi zinyalala.

Mayi, tsekani mpopi, gejemulani. Pomwe kamkono ka mpira kalumikizana ndi valavu pali chotsekera cha pulasitiki chopotokola ndi manja. Masulani mosamala, muone mmene tizidutswa tayalidwira, jambulani. Mupeza kalabala kozungulira ngati batani la jekete, kumbuyo kwake kuli kabowo kaja. Tsukani kalabalako, muone ngati sikanang'ambike. Musanabwezere, vundikirani kapu pa valavu yotsegukayo, wina atsegule mpopi pang'ono kwa masekondi ochepa. Madzi atuluka mwamphamvu n'kukankha zonse zili m'njira, kapuyo ndi yoti asakuthambukireni kumaso ndi kudenga. Pobwezera mangani ndi manja okha. Ulusi wa pulasitiki ukauika sipanala umadyeka, ndipo manati ogwira kathanki ukawalimbitsa kwambiri kathanki kamang'aluka, pamenepo ndiye palibenso kukonza.

Aphunzitsi a Sayansi:
Funso amisiri, kuti nanenso ndimvetse. Bwanji osangotsitsa mpira kuti uzitseka mwamphamvu?

Pulambala Wopuma:
Funso labwino aphunzitsi. Kutsitsa mpira kumasintha pomwe valavu iyambire kutseka, ndipo madzi akaumiza kwambiri umakankhadi mwamphamvu pang'ono. Koma ngati pali kamchenga pakati, kalabala kakugona pa mwala. Mutsitsa lero, madzi azikwerabe pang'onopang'ono, mutsitsanso mawa, mapeto ake kathanki kazidzaza theka, kosatsuka mtondo, kakudonthabe. Chotsani kaye chotchingacho, muyezo ubwere pambuyo.

Make Mapasa:
Ndinadikira mwana wamkulu aweruke kuti azitsegula mpopi ine nditagwira kapu. Amisiri, munalasa. Pa kabowo paja panali kachidutswa ka tepi yoyera ija amakulunga pa ulusi wa paipi, katapindikira m'kati, ndi timchenga tofiira. Titatsegula mpopi m'kapu munagwanso tina. Kalabala kake n'kabwinobwino. Ndabwezera, ndamanga ndi manja. Tsopano madzi akuima chala chimodzi pansi pa kukamwa kwa kapaipi. Pamenepo pali bwino?

Pulambala Wopuma:
Tsitsaniko pang'ono. Muyezo wabwino ndi masentimita awiri ndi theka pansi pa kukamwako, ngati zala ziwiri zanu. Yang'anani m'kati mwa kathanki chakumbuyo, opanga ambiri amadindamo kamzere koonetsa polekezera madzi, mukakapeza tsatirani kameneko. Potozani kasikuluwu ka pa kamkono pang'ono, gejemulani, muone pomwe aime, mubwerezenso mpaka zikwane. Mukatero lembani pensulo, muonenso pakatha maola awiri, ndiponso mawa m'mawa. Asakwere, asatsike.

Tepi ija alamu anu muwauze mwaulemu kuti poikulunga azisiya ulusi woyamba wosakuta, ndiyo njira yoti isamadukire m'kati. Valavu yakale ija ngati sanataye isungeni, ndikukhulupirira ikadali yamoyo.

Wapalendi:
Kwanga kunali katcheni, kamalowa pansi pa chotsekera. Ndachepetsa mfundo zitatu, kuyambira dzulo sichinadzithirenso chokha.

Wazomanga:
Njerwa ija ndachotsa. Pansi pa kathanki panali phulusa lofiira lokhalokha, ndakokolola ndi siponji.

Lachinayi m'mawa

Make Mapasa:
Mwadzuka bwanji nonse. Mita ndinawerenga 10 koloko usiku, ndawerenganso 5 koloko m'mawa wina asanatsegule mpopi. Manambala ndi omwewo, ngakhale ofiira aja sanasunthe. Madzi ali pa pensulo pomwe ndinalemba. Timibulu ta buluu totsala ndachotsa m'kabati ya kubafa kuti wina asaponyemonso. Valavu yakale alamu anali nayo m'galimoto, abweretsa madzulo.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ine ndinayesa tishu uja pa chimbudzi cha kuchipinda cha alendo, chomwe sindinachikayikirepo chifukwa sichilira. Wanyowa pasanathe mphindi zisanu. Nachonso n'cha mabatani awiri. Amisiri, ndatseka mpopi, pensulo ndalemba, ndikudikira mphindi 20 zija.

Pulambala Wopuma:
Chotsaninso chivundikiro aphunzitsi, muone kaye ngati madzi aleka chikachoka. Mukabwera mutiuze zonse ziwiri.